Matenda obisa m'nyumba safika patebulo la boma

Ana anga, ndi inu akuluakulu anzanga, khalidwe ili landitopetsa ndipo ndilinena mosapsatira. Kukabuka matenda mumathamangira pa Facebook ndi WhatsApp kukanyoza boma masiku awiri. Maliro akangoikidwa, zii. Chaka chamawa matenda omwewo akabweranso, m'bajeti mulibe kanthu, muyamba kudabwa. Mukudabwa chiyani?

Boma lililonse lili ndi mavuto ochuluka kuposa ndalama zake. Misewu, sukulu, asilikali, ngongole, zonsezi zikulimbirana thumba limodzi. Kuti nkhani ya zaumoyo ikwere pamwamba, choyamba iyenera kuwerengedwa, ndipo apa ndi pamene mumandikhumudwitsa kwambiri. Mwana watsegula m'mimba usiku wonse, maso alowa m'kati, milomo yauma, inu mwatseka chitseko kuopa kuti anansi anganene kuti ndinu auve. Mwam'mwetsa mapiritsi ogula kwa munthu woyenda nawo m'chikwama. Komatu kuchipatala kuli kaundula. Namwino akalemba zaka za wodwala, kumene wachokera ndi zizindikiro zake, mzere umenewo umaphatikizidwa ndi mizere ina, lipoti limapita ku ofesi ya zaumoyo ya m'deralo, kenako ku unduna. Mwana amene sanalembedwe, kwa wokonza bajeti sanadwalepo. Mwam'bisa kwa anansi, mwam'bisanso kwa nduna.

Musaganize kuti ziwerengero pazokha zimatakasa akuluakulu. Mu 1854 kolera anapha anthu oposa 600 m'dera la Soho ku London. Dokotala John Snow anayenda khomo ndi khomo, nalemba pamapu nyumba zonse zimene munagwa maliro, ndipo anapeza kuti ambiri ankamwa madzi a pampu ya mu Broad Street. Chogwirira cha pampuyo chinachotsedwa, koma akuluakulu a zaumoyo anakakamirabe zoti kolera amabwera ndi mpweya wonunkha. Chinawadzutsa n'chiyani? M'nyengo yotentha ya 1858 mtsinje wa Thames, womwe unkalandira zonyansa za mzinda wonse, unanunkha mpaka aphungu analephera kukhazikika m'Nyumba ya Malamulo. M'masabata ochepa chabe lamulo linadutsa, ndipo injiniya Joseph Bazalgette anayamba ntchito yomanga ngalande zikuluzikulu za pansi panthaka. Amphawi anali atafa kwa zaka zambiri, koma ndalama zinapezeka fungo litafika m'mphuno za opanga malamulo. Zimapweteka kuzimva, koma ndi mmene zimayendera. Vuto lanu likapanda kufika pamene iwo akhala, lidzatsalira kwa inu nokha.

Ndiye mulifikitsa bwanji? Kutukwana ayi. Taonani zimene anachita anzathu a ku South Africa. Bungwe la Treatment Action Campaign linayamba mu 1998, nthawi imene anthu ankafa ndi Edzi mankhwala alipo kale kumayiko olemera. Anthu wamba anakhala pansi kuphunzira mayina a mankhwala ndi mmene amagwirira ntchito m'thupi. Ankavala malaya olembedwa poyera kuti ali ndi kachilombo, manyazi ataika pambali. Anayenda m'misewu, analemba makalata, anagwirana manja ndi madokotala ndi maloya, mpaka anakasuma. Mu 2002 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linalamula boma kuti lipereke mankhwala a nevirapine m'zipatala zake, kuteteza makanda kuti asatengere kachilombo kwa amayi awo. Iwo sanapite ndi madandaulo okha. Ananyamula umboni, ananyamula yankho lotheka, ndipo sanabwerere kunyumba patatha masiku awiri. Akulu adanena kale kuti chetechete sautsa nyama.

Ndipo dziwani kuti pali ena amene amadyerera nkhani ikakhala pansi. Akatswiri ofufuza a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anasonyeza mu 1950 kuti kusuta fodya kumayenderana ndi khansa ya m'mapapo, koma pangano la mayiko lothana ndi kusuta, lotsogoleredwa ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, linavomerezedwa mu 2003. Zaka zonsezo makampani a ndudu sanagone. Inu mukatopa, iwo amakhala akadali pakhomo la nduna.

Lonjezonso silikwanira. Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa anagwirizana ku Abuja kuti ndalama zosachepera 15 peresenti za bajeti zizipita ku zaumoyo. Mayiko amene anakwaniritsa ndi owerengeka. Ndani mwa inu anayamba watsegula bajeti ya dziko lake kuti aone gawo la zaumoyo? Imawerengedwatu poyera, ndipo nyuzipepala zimalemba.

Chomwe chimandiwawa koposa ndi nthawi ya chisankho. Ndi nyengo imene wandale amakufunani kuposa mmene inu mumam'funira, khutu lake limakhala lotseguka. Inu m'malo mom'funsa za madzi aukhondo, za katemera, za mayi woyembekezera amene amayenda mtunda wautali kukachira, mumapempha malaya achipani ndi kandalama ka lero. Iye amaona kuti zaumoyo sizibweretsa mavoti, amaziika pansi. Akadzabweranso, m'funseni pamaso pa anthu kuti m'dera lake mwafa ana angati ndi matenda otsegula m'mimba, achitapo chiyani, ndipo liti. Yankho lakelo mulilembe, ndi tsiku lomwe.