Ndapepesa pa injini imene sindinaphe ine

Lero ndapepesa, abale anga. Ndaima pakati pa galaja, manja ali bii ndi oyilo, anyamata onse atasiya ntchito akuyang'ana, ndipo ndanena kuti pepani kwa munthu amene wapha yekha injini yake. Pano ndi usiku, ndasamba, ndagona, ndadzukanso, koma mawu amenewo andiima pakhosi ngati munga.

Inu amene muli kuno ku America mukudziwa kale za kutuluka kusanache ndi kubwera ana a eni atagona, ndiye zimenezo ndisakutayitseni nazo nthawi. Masabata atatu apitawo kunabwera mnyamata ndi pikapu yake, Chevrolet Silverado ya 2004, injini ya V8 ya malita 5.3, yomwe inachoka kufakitale ndi mphamvu yosakwana 300 horsepower. Akuti mnzake ali ndi Ram TRX, ija ya 702 horsepower, ndipo amamusiya paloboti tsiku lililonse, ndiye akufuna nitrous, mpweya wa m'botolo umene amaulowetsa mu injini kuti mphamvu ichuluke. Ndinamukhazika pansi ngati mng'ono wanga. Ndinamuuza kuti injini yosatsegulidwa, ya mapisitoni a kufakitale, yoyenda kale zaka zonsezi, tingaiwonjezere 100 horsepower n'kukhala nayo bwinobwino, bola asakhudze chilichonse chimene nditchune. Anagwedeza mutu, maso ali pafoni.

Anthu ambiri amayesa nitrous ndi mafuta. Ayi, siyaka yokha. Ikalowa m'silinda n'kutentha kufika madigiri pafupifupi 300 a Celsius, imasweka n'kutulutsa okosijeni. Mumpweya timapumawu okosijeni ndi magawo 23 pa 100 tikayeza kulemera, pamene mu nitrous ndi magawo 36. Okosijeni akachuluka amafuna petulo wochuluka. Ukam'mana petuloyo, moto wa m'silinda umasanduka ngati wa owotcherera zitsulo, ndipo chimene umadya ndi pisitoni. Ajeremani ankazidziwa kale zimenezi pamene ankaika nitrous m'ndege zawo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. N'chifukwa chake majeti, tizitsulo ta kabowo toyeza kuchuluka kwa zolowa mu injini, amakhala awiri, ina ya nitrous, ina ya petulo, ndipo amayenda limodzi ngati ng'ombe za pagoli. Ndinaika mapulagi ozizirirapo n'kuchepetsa mpata wake. Ndinabweza timing, nthawi imene pulagi imathetheka, madigiri 4, chifukwa pa 50 horsepower iliyonse umabweza awiri. Ndinaika switchi yoti nitrous isatuluke pokhapokha phazi lafika pansi, ina yoti isatuluke injini isanadutse 3000 rpm, kuzungulira ka 3000 pa mphindi, ina yoti izidula zonse petulo akangofooka m'paipi. Botolo la nitrous ndinalimangira chofunda chamagetsi cholitenthetsa. Pikapuyo ndinaikweza katatu pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, ndipo manambala onse ndinawalemba m'kope langa lija lakuda ndi zala.

M'mawa uno yabwera itaberekedwa pa lole, injini itanoka. Mnyamata uja wabwera ndi bambo ake.

Ndamasula mapulagi. Ya pa silinda nambala 7 kachitsulo kopindika ka kumapeto kasungunuka, kangotsala kachitsa, ndipo pa dothi loyera lija pali timadontho tonyezimira ta aluminiyamu. Ndalowetsa kamera m'bowo la pulagi, pisitoni yalumidwa m'mphepete ngati mbale yosweka. Ndamasula majeti. Ya petulo ndi yanga, nambala yake ndi yomwe ili m'kope. Ya nitrous si yanga, bowo lake lalikulu moti ukuona kuwala bwinobwino. Switchi ya petulo ija waidumphitsa ndi kawaya kokulunga ndi tepi. Ndipo pansi pa botolo penti wapsa, wachita matuza, chifukwa kuzizira kwa masiku ano kunatsitsa mphamvu ya m'botolo ndipo iye sanafune kudikira chofunda, analiwamba ndi moto wa gasi.

Ndatenga majeti awiri aja padzanja, ndapita nawo kwa bwana. Awayang'ana, ndipo ndaona m'maso mwawo kuti amvetsa, chifukwa nawonso anagwirapo sipanala. Ndiye andipinda zala ndi dzanja lawo, nati ika m'thumba zimenezo. Bambo a mnyamatayo ali ndi magalimoto ambiri a ntchito ya zomangamanga amene timakonza ife. Bwana atembenuka, auza bambowo ine ndili pomwepo kuti uyu ndi wothandizira chabe, Chingelezi chimamuvuta, mwina sanamve bwino malangizo, apepesa ndipo aikonza popanda inu kulipira.

Wothandizira. Zaka 6 ndili pamalo amenewo. Injini iliyonse yotuluka m'chipinda chakumbuyo chija imadutsa m'manja angawa. Ndinalemba mayeso a ASE, oyesa luso la amakaniko kuno, A1 ya kukonza injini ndi A8 ya kayendedwe ka injini, m'Chingelezi chomwe akuti chimandivutacho, ndipo ndinakhoza. Mapepala ake apachikidwa pakhoma kumbuyo kwa mpando wa bwana, kuti makasitomala aziwaona. Lero bambo uja anaima pansi pa dzina langa akumva kuti ndine wothandizira.

Ndipo mukudziwa kuti kukonza popanda kulipiritsa kumatanthauza chiyani kuno. Ife amakaniko satilipira maola amene tagwira, amatilipira maola amene buku lanena kuti ntchitoyo imatenga. Bawuti ikadukira m'kati, ukataya nayo theka la tsiku, ndi zako. Galimoto ikabwerera, ukugwira ulere. Ndiye kutsitsa injini imeneyo, kuiphwasula, kuimanganso, masiku onsewo ndi thukuta langa lopita m'madzi. Zipangizo nazo ndi zanga zomwe, galaja sigula sipanala ngakhale imodzi. Bokosi langa la zipangizo ndinalitenga pangongole kwa a galimoto yogulitsa zipangizo imene imabwera sabata iliyonse, ndipo Lachinayi lililonse amandipeza, kaya ndagwira ntchito kaya ayi. Dzina langa analidula pakati tsiku loyamba, akuti ndi lalitali, koma mayina a zipangizo za ku Germany amawatchula bwinobwino lilime osapunthwa. Galimoto ikapambana pa mpikisano wa liwiro wa mamita 402, pa Facebook pamatuluka chithunzi cha bwana ndi mwini galimoto atanyamula chikho, ine ndili pansi pa galimoto ina. Kasitomala akalowa n'kundipeza ndekha amasuzumira kumbuyo kwanga, amvekere kodi palibe wina amene ndingalankhule naye.

Koma zonsezo ndazipirira. Chimene chikundikana ndi jeti ija padzanja, ndi zala zanga zikupindidwa.

Za a dizilo ndisayambe n'komwe. Amabwera ndi mapikapu awo a injini za Cummins, Duramax ndi Power Stroke, akufuna tichotse zosefera utsi kuti azifukiza anthu a panjinga. Lamulo la Clean Air Act limaletsa zimenezo pa galimoto yoyenda pamsewu, aliyense akudziwa, ndipo ntchito zoterozo zikabwera amaziponyera kwa yani? Kwa mlendo. Ndinakana kawiri, ndipo masabata amenewo ntchito zabwino zonse zinapita kwa anyamata ena, aja amene anaphunzira umakaniko pa YouTube, amene amamanga mabawuti a mutu wa injini ndi mfuti ya mpweya osayeza, kenako n'kubwera kudzandifunsa monong'ona kuti madzi akulowa bwanji mu oyilo. Lero omwewo ndi amene anaweramitsa mitu ine ndikupepesa. Palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa.

Nanunso abale anga a kuno muli ndi mlandu wanu. Lamlungu, tsiku limodzi lokha loti msana upume, foni siitha: achimwene galimoto ikulira kutsogoloku, achimwene tangobwerani mudzamvetsere. Ndimabwera, ndimagona pa simenti yozizira, ndimakonza, mumvekere Mulungu akudalitseni, ndipo ya petulo wobwerera osaiganizirako. Mukakwera pang'ono m'moyo mumapita kugalaja ya azungu n'kukalipira mosanyinyirika. A kumudzi nawo akaona chithunzi ndaima pambali pa pikapu yaitali ngati nyumba amayesa ndi yanga, uthenga n'kuyamba kugwa ngati mvula. Sadziwa kuti ndangoilowetsa m'galaja, ndipo mwini wake wandiuza kuti ndiyale pepala pampando ndisanakhale.

Mnyamata uja akanandifunsa, ndikanamuuza njira yake, chifukwa kupitirira 100 ija, ngakhale kufika 200 horsepower ya nitrous, si chinthu chosatheka. Koma walira mvula walira matope. Injini umaitsegula. Umaika mapisitoni osulidwa, osati oumbidwa a kufakitale, ndi ma rod olimba, zitsulo zogwira mapisitoniwo. Maring'i umawapala ndi tupa imodziimodzi, n'kumayeza mpata wake m'silinda, chifukwa kutentha kwa nitrous kumawafutukula, ndipo nsonga zake zikagundana zimathyola mphepete mwa pisitoni. Umasintha pampu ya petulo. Giyabokosi ya 4L60E inapangidwira mphamvu ya kufakitale, ndiye nayonso umaimanga mwatsopano. Pikapu ndi yopepuka kumbuyo, ukaponda matayala amangozungulira, masipuling'i amapindika, ekiselo imadumphadumpha mpaka china chithyoke. Mabuleki nawo, anthu amawakumbukira pomaliza, pamene galimoto yolemera matani awiri ndi kupitirira iyenera kuimanso. Zonsezo ndi ndalama ndi kudikira, ndipo iye anasankha kajeti kotchipa ka pa intaneti. Safunsa anadya phula, koma lero phulalo andimwetsa ine.

Ndipo botolo lija, abale, botolo lija ndi limene likundinjenjemeretsa. Nitrous imafuna kukhala pakati pa 900 ndi 1000 psi, muyeso wa mphamvu ya mpweya m'botolo, kuti ituluke mofanana ndi mmene unatchunira. Ukalitenthetsa mopitirira, nitrous imatuluka yambiri pamene petulo ali pomwepo, ndi imfa ya pisitoni yomwe ija. Koma choopsa kwambiri n'chakuti moto umafooketsa aluminiyamu wa botolo penipeni pamene wawambapo. Pali kachitsulo kotetezera kamene kamaphulika pa 3000 psi kuti mpweya uthawe, koma botolo lowambidwa likhoza kung'ambika lisanafike pamenepo. Amene amadzaza mabotolo pagalaja pathu ndi ine. Amene amawerama pamwamba pake, nkhope ili pafupi ndi geji, ndi ine. Mnyamatayo akanabwera nalo mwakachetechete kuti ndimudzazire, ine osayang'ana pansi pake, bwenzi lero mukusonkha ndalama zotumizira bokosi la maliro kumudzi. Ameneyo ndi amene ndamupepesa. Bambo ake andigwira paphewa nati aliyense amalakwitsa, ndiphunzirepo.

Ndinapepesa chifukwa m'mutu mwanga munadutsa lendi ya mwezi uno, fizi ya mwana wanga, ndi mankhwala a amayi anga. Zinadutsa zonse pakamodzi, pakamwa n'kutseguka. Kwa eni kulibe mkuwe, timatero, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikudzitonthoza ndi mawu amenewo.

Madzulo ano ndinaimba kunyumba. Kwawo kunali kusanache koma mwana wanga wamkazi anadzuka, nati adadi, lero mwakonza magalimoto angati? Amauza anzake kusukulu kuti bambo ake amapanga injini zothamanga. Ndinamuyankha kuti imodzi yokha, yovuta. Amayi ake atatenga foni anangoti, abambo, mawu anuwo sali bwino, chachitika n'chiyani? Ndinakhala chete nthawi yaitali, ndipo iwo sanadule, anangodikira.

Amene anandiphunzitsa kuwerenga pulagi ndi malemu bambo anga, ndili ndi zaka 12. Ankaitenga, n'kuitembenuzira kudzuwa, n'kundiuza kuti ndinene ndekha chimene injini ikudwala ndisanagwire china chilichonse. Analibe dyno, analibe kompyuta, koma munthu akawanamizira pa ntchito yawo ankamutengera pa galimoto n'kumuonetsa ndi chala, kaya ndi wolemera bwanji. Sindinawaonepo akupepesa pa chinthu chimene anachita bwino. Lero ndinali ndi umboni padzanja, woposa umene iwo anakhalapo nawo, ndipo ndinauika m'thumba. Ndikufuna mwana wanga adzandione ndikugwira ntchito ndi maso ake, pamalo pamene dzina langa limatchulidwa lonse, asanakule n'kuyamba kundidziwa pa foni pokha. Ndikufuna ndikaphunzitse anyamata awiri atatu kupala maring'i ndi kuwerenga pulagi manja anga asanayambe kunjenjemera.

Majeti aja ali pano patebulo, pambali pa kope. Mawa ndilawirira bwana asanafike, ndijambula botolo, kawaya kaja ndi pulagi ya nambala 7, kenako ndikawaikira zonse padesiki pamodzi ndi tsamba la manambala. Ndikawauza kuti injini ndiimanga ngati alipira maola anga, kuti botolo limenelo sindidzaligwiranso, ndiponso kuti akaimbire bambo aja awauze zoona ine ndikumva. Akakana, bokosi ndi langa, lili ndi matayala. Ngongole yake ikutha mu Epulo, ndipo ndayamba kale kufunsa a zombo kuti bokosi lolemera choncho amalinyamula bwanji.