Musiyeni mwana ndi mwala wake wa ku Mzimba

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira Loweruka koma mtima ukukana. Ndilankhula, wokwiya akwiye.

Tinali pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga konkuno ku Salima, pafupi ndi pa Kamuzu Road. Zonse zinkayenda bwino. Ankhoswe apatsana nkhuku, akuchimuna amupeza mkazi wawo pakati pa atsikana ofundidwa zitenje, nthungululu zili wawawa. Mnyamata watulutsa mphete, wamuveka mwana wathu. Mphete yasiliva, mwala wake wabuluu wosada, ngati madzi a ku Senga Bay m'mawa mwera usanadzuke. Mwana akumwetulira misozi ili m'maso. Basi azakhali ake ena ochokera ku Lilongwe adzuka pampando, amugwira dzanja, amukokera kunja kwa tenti kuti akaone padzuwa. Auzira mpweya pamwalapo, apukuta ndi nsonga ya chitenje, apendeketsa mutu uku ndi uku. Kenako mokweza, DJ atangotsitsa nyimbo: "Iii mwana wanga, si dayamonditu ameneyu. Akupusitsa ndi kabotolo."

Ena kuseka. Mnyamata kuzyolika. Mwana wathu dzanja lija kulilowetsa m'chitenje, ndipo mpaka anthu kubalalika sanalitulutsenso. Zithunzi zonse ndaziona, dzanja lamanzere mulibe.

Azakhali, ndikudziwa kuti mukuwerenga chifukwa pa Facebook simuchokapo. Munalakwa. Munachititsa manyazi ana pa tsiku lawo chifukwa cha mwala. Mwala basi! Simunafunse ngati mnyamatayo amamwa, ngati ali ndi dzanja lomenya, ngati ali ndi mkazi wina ku Chipoka, ngati kwawo ndi anthu aulemu. Ayi. Inu nkhawa yanu yonse inathera pa kamwala kosafika ngakhale njere ya chimanga.

Ndipo si botolo lija. Ndi aquamarine, mwala wamtengo wapatali umene amakumba konkuno ku Malawi, ku Mzimba. Mnyamata uja anaufunafuna yekha, anakaudulitsa, anapeza mmisiri n'kumuuza mmene akufunira kuti ukhalire pa chala cha mkazi wake. Anasankha wabuluu chifukwa mtsikanayo amakonda buluu, aliyense womudziwa akudziwa. Kuganizira munthu n'kumeneko. Inu mumafuna alowe m'sitolo, aloze chonyezimira kwambiri, alipire, atuluke, ndiye muziti chikondi?

Ndani anakuuzani kuti chikondi chimayezedwa ndi dayamondi? Ndikufunsa, ndani? Agogo athu ankatomerana ndi chikole. Mkanda, kansalu, kandalama kochepa, mtsikana walandira, nkhani yapita kwa malume. Maukwati awo ambiri anathera kumanda, wina kuika mnzake. Pa chinkhoswe chathu chenicheni timapatsana nkhwangwa, khasu, lichero, mthiko, chipande, zinthu zouza ana kuti banja ndi ntchito. Nkhoswe sanafunsepo kuti mwalawo ndi makarati angati. Lero ukwati ukhale wosakwanira chifukwa pa chala palibe dayamondi? Mwambo umenewu ndi wa mtundu uti? Wa Achewa? Wa Ayao? Wa Atonga a ku Nkhotakota kumtundaku? Palibe.

Ndi malonda, abale. Kampani ya madayamondi ya De Beers, imene anayambitsa Cecil Rhodes ku Kimberley mu 1888, Rhodes yemwe uja wa Rhodesia, inali ndi miyala yambiri yofuna ogula. Mu 1947 mayi wina wolemba zotsatsa malonda ku America, Frances Gerety, anawalembera mawu akuti dayamondi ndi wamuyaya, dziko lonse n'kumeza. Mayiyo mwiniwake sanakwatiwe mpaka kumwalira. Zija mumamva zoti mwamuna azigula mphete ya malipiro a miyezi iwiri zinachokeranso m'zotsatsa za kampani yomweyo. Si Baibulo, si Korani, si malamulo a dziko. Wogulitsa ndiye anakuuzani kuti muzimupatsa zingati, inu n'kuvomera, mpaka kufika ponyozera nazo mwana wa mchimwene wanu pagulu.

Ngakhale kwa azungu komweko si onse amatsata zimenezo. Princess Diana mu 1981 anatomeredwa ndi mphete ya mwala wabuluu, sapphire wa ku Sri Lanka, madayamondi ang'onoang'ono atangozungulira m'mbali. Mphete yomweyo Prince William anamuveka Kate Middleton mu 2010. Ndiye mukanakhalapo azakhali, mukanamukokeranso panja kuti mwana wanga akupusitsa? Wabuluu akavala wa ku London ndi ulemu, akavala wa ku Salima ndi kabotolo. Mxii.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti ambiri amene amafuula za dayamondi sanamugwirepo. Mphete zambiri zimene timaombera m'manja m'zinkhoswe zathuzi, zija zimathwanima mpaka kumbuyo kwa holo, ndi cubic zirconia, mwala wopangidwa m'fakitale, wotchipa, woikidwa pa kachitsulo kopaka madzi a golide. Ikadali m'kabokosi imaoneka ya mamiliyoni. Ipatseni nthawi ya sopo ndi thukuta muone: mwala uja wachita mbuu, golide wasupuka, chala chabiriwira chifukwa cha mkuwa uli m'katimo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Za mphete yanu azakhali sindinena zambiri, koma pamene munkakweza dzanja la mwana lija padzuwa, ine ndimayang'ana lanu, ndipo pansi pa mphete yanuyo panali pobiriwira. Ndasiyira pomwepo.

Ndiye wabodza ndani apa? Mnyamata amene wanena poyera kuti uwu ndi mwala wa ku Mzimba, kapena amene amaveka mkazi galasi n'kumalitcha dayamondi kuti achibale asangalale? Timakonda kunamizidwa ife. Tikanakonda atinamize ndi chonyezimira kusiyana n'kutiuza zoona ndi chabuluu.

Ngati munkafunadi kuthandiza mwana, funso loyenera kufunsa linalipo, ndipo si lakuti ndi dayamondi kapena ayi. Funso ndi lakuti mwalawo upirira manja a mayi wa kunyanja kuno? Chifukwa ife sitikhala titapinda manja. Timachapa, timakanda mandasi, timapala chambo, ndipo mapoto timakwecha ndi mchenga. Mchenga umenewo ndiye mdani wa mphete. Odziwa za miyala ali ndi muyezo wa kulimba umene amautcha wa Mohs, kuyambira 1 mpaka 10. Dayamondi ali pa 10, zoona, palibe womuposa, sindikukana. Mchenga wa kunyanjawu, umene wambiri ndi quartz, uli pa 7. Ndiye mwala uliwonse wofewa kuposa pamenepo, mchenga umaukanda pang'onopang'ono mpaka kuzima. Opal ndi wokongola koma ali pakati pa 5.5 ndi 6.5, sangakhalitse pa dzanja lotsuka mapoto. Tanzanite wa kwa aneba athu ku Tanzania, amene anapezeka pafupi ndi Arusha mu 1967, ndi wodula ndithu koma safika bwino pa 7, ndi wovala popita ku tchalitchi n'kuvula pobwera. Amethyst wapepo uja ali pa 7 penipeni, ndiye iye ndi mchenga ndi ofanana mphamvu. Aquamarine wa mwana wathuyu ali pakati pa 7.5 ndi 8, mchenga sumugonjetsa msanga. Emerald wa ku Zambia, wa ku mgodi wa Kagem, kulimba kwake n'komweko koma amakhala ndi timing'alu m'kati, akagunda pa mwala wochapirapo akhoza kuthetheka. Ruby ndi sapphire ali pa 9, amenewo ndi ovala moyo wonse, mdzukulu n'kudzalandira.

Ndiye pali kakhalidwe ka mwalawo pa mphete. Zija zotukula mwala m'mwamba ndi timano tinayi n'zokongola pa chithunzi basi. Timanoto timakola chitenje, timakola tsitsi poluka, tsiku lina kamodzi kapindika, mwala wagwera mu ufa kapena m'nyanja, osaupezanso. Yabwino ndi imene chitsulo chimazungulira mwala wonse m'mbali, mwala n'kukhala pansi. Ya mwana wathu ndi yotero. Mnyamata uja anaganiza mpaka pamenepo. Inu munaona zimenezo? Simunaone, munali kalikiliki kuuzira mpweya.

Ndipo kuuzira mpweya kwanuko sikutsimikiza kanthu. Anthu amati nthunzi ikachoka msanga ndiye dayamondi, koma kunja kwa tenti ku Salima dzuwa lili pamutu, nthunzi ikhalitsa pa chiyani? Ngakhale timakina tina toyezera dayamondi timapusitsika ndi moissanite. Moissanite ndi mwala woyera umene Mfalansa wina, Henri Moissan, anaupeza mu 1893 m'zidutswa za mwala wogwa kuchokera kumwamba ku Arizona. Wa masiku ano amapanga m'fakitale, kulimba kwake ndi 9.25, kuthwanima amaposa dayamondi, mtengo wake ndi wotsika kutalitali. Amene mtima wake uli pa choyera chonyezimira agule ameneyo, koma anene dzina lake lenileni, asaname. Kulinso dayamondi wopangidwa m'makina, yemwe ndi dayamondi ndithu, kungoti sanakumbidwe pansi, ndipo mtengo wake wakhala ukugwa chaka ndi chaka. Njira zilipo zambirimbiri. Koma ayi, ife tinamva dzina limodzi basi, tikuimba lomwelo.

Sindikuletsa munthu kugula dayamondi. Uli nazo ndalama, gula, vala, tidzakuombera m'manja. Chimene ndikukana ndi kumuyesa mwana wa eni ake wosakonda chifukwa sanagule. Dayamondi amagulidwa ndi madola, ndipo kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense akudziwa mmene zinthu zakhalira kuchokera pamenepo. Mphunzitsi wa pulayimale, mnyamata wogula usipa ku Senga Bay kukagulitsa ku Lilongwe, mlimi wa mpunga ku Lifuwu, azitenga kuti? Kwa akatapila. Ku banki m'khonde kudzera mwa mlongo wake. Ndiye ukwati uyambe ndi ngongole, mwezi woyamba anthu abwera kudzanyamula matiresi, mkazi ali ndi dayamondi pa chala akugona pa mphasa. Azakhali pamenepo simudzaonekako, foni yanu idzakhala yozima. Ndipo yesani kukagulitsa mpheteyo tsiku la mavuto muone ngati adzakupatseni ndalama imene munagulira.

Atsikana inunso ndikuuzeni. Mwamuna amene wakufunsa mtundu umene umakonda, n'kusunga mumtima, n'kukafuna mwala wa mtundu umenewo, usamuchepetse chifukwa anzako a pa WhatsApp aseka. Anzakowo sadzakhala nawo m'nyumbamo. Tulutsa dzanjalo. Vala mphete yako, pita nayo kumsika, pita nayo kutchalitchi, akafunsa uziti ndi aquamarine wa ku Mzimba, akapanda kudziwa ndi vuto lawo.

Tili ndi matenda onyoza zathu, ndi amenewa basi. Ku Ntcheu, pa phiri la Chimwadzulu, kumatuluka ruby ndi sapphire, yemwe uja wa pa 9, wa mtundu womwe uja amavala achifumu. Ku Ngabu kuli agate wabuluu. Ku Mzimba anthu akukumba ndi mapiki ndi mafosholo, alendo amabwera kudzagula motchipa, miyala n'kupita ku Bangkok ndi ku Jaipur kukadulidwa, kenako n'kukakhala m'mawindo a masitolo a kunja pa mtengo woti wokumba uja atamva akhoza kukomoka. Mmalawi mmodzi akati ayi, uwu ukhale konkuno, uvalidwe ndi mwana wa konkuno, ife timuseka. Mwala womwewo ukanabwera m'kabokosi kolembedwa Dubai kapena Johannesburg, azakhali mukanavina nawo mpaka chitenje kumasuka.

Komanso poti ndayamba kale, zinkhoswe zathuzi zafika pati? Kale chinkhoswe chinali cha pakhomo, mabanja awiri kudziwana, thobwa, nkhuku, basi. Lero holo, makeke atatu, yunifolomu ya chitenje yogula mokakamiza, atsikana operekeza khumi. MC wa Loweruka uja anatiimiritsa kangati? Akuchikazi perekani. Akuchimuna perekani. Amene mwavala zofiira perekani. Amene muli ndi foni ya Samsung perekani. Amene munabwera pa kabaza perekani. Kenako akuti nyimbo ino ndi ya ma K5,000 okhaokha, a ma K500 mukhale kaye pansi. Agogo a mtsikana, amene anamulera mwanayo amayi ake ali kuntchito, anali atamanga K1,000 yawo pa nsonga ya chitenje kuchokera kumudzi, anakhala pansi mpaka nyimbo kutha. Ndipo chakudya chinatha ife a kumbuyo tisanalandire.