Kuno ku Tete kutentha ndi fumbi ndiye nkhani

Alembi, mwanena kuti tikompyuta ting'onoting'ono ta m'mafakitale tayamba kuthamanga kwambiri ndipo tina tikubwera ndi AI. N'zoona, koma kuno ku Tete timayamba tafunsa za kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, ndiye tangoganizani m'kati mwa bokosi lachitsulo lomwe lili padzuwa pambali pa pampu ya madzi. Raspberry Pi, imodzi mwa makompyuta ang'onoang'ono, ikafika cha pa madigiri 80 imayamba kudzichepetsera liwiro yokha. Ku Moatize nako fumbi la malasha limatseka fani, n'chifukwa chake ine ndimasankha zopanda fani, zomwe kutentha kumatulukira m'chikuto chake cha aluminiyamu.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi khadi la SD, momwe kompyuta imasungiramo zinthu zake. Magetsi akazima mwadzidzidzi kompyuta yoyendetsa pampu ili mkati molemba pakhadi, zomwe zili pakhadipo zimawonongeka, ndipo mlimi wa ku Angónia amakhala osathirira mbewu mpaka katswiri achokere mumzinda. Bola eMMC, chosungira zinthu chomatiriridwa m'kompyuta momwemo, komanso makina olandira 12 kapena 24 V kuchokera ku batire ya sola.

Chonde mudzalembekonso za masipeyala. Ambiri timaitanitsa ku Johannesburg ndipo amachedwa kufika.