Manzana si apozi yekha, abale

Lero ndakwiya ndipo sindibisa. Kuyambira m'mawa ndili pa lipoti la kafukufuku wa chimanga ndi nyemba wa ku Honduras, lolembedwa mu Chisipanishi, tinapatsa munthu kuti atimasulire mu Chizungu ndipo ndalama zake tinamulipira zonse osatsala ndi tambala yomwe. Ndikutsegula tebulo la zokolola ndikupeza akuti alimi anakolola ma quintal (muyeso wa kulemera kwa zokolola) akutiakuti pa apozi mmodzi. Pa apozi! Munthu analemba zimenezo, anaziwerenga, nkutumiza mtima uli zii.

Inde manzana, liwu limene linali mu Chisipanishimo, ndi apozi, zoona, dikishonale ikuuzani choncho. Koma ku Honduras, ku Guatemala, ku Nicaragua, ku El Salvador mlimi akati ndalima manzana imodzi akunena kukula kwa munda, pafupifupi 0.7 ya hekitala, maekala awiri osakwana. Aliyense amene anagwirapo nkhani za ulimi wa kumeneko amadziwa zimenezi. Ndiye mfundo yanga ndi imodzi basi, kudziwa chilankhulo sikokwanira, ngati ntchito yakeyo suyidziwa usakhudze pepala la kafukufuku.

Za apozizo bola, zimaonekeratu kuti apa palakwika. Chandiwawa kwambiri ndi quintal. Mawuwo anangowasiya chomwecho osafotokoza kanthu, mnzanga amene amalowetsa manambala mu kompyuta anayang'ana pa intaneti nkupeza kuti quintal ndi makilogalamu 100, nkuchulukitsa tebulo lonse. Pomwe quintal ya kumeneko ndi mapaundi 100, makilogalamu 45 kapena 46, osafika ndi thumba lathu lija la 50. Tinene kuti mlimi wakolola ma quintal 20 pa manzana, ndiye kuti ndi makilogalamu ngati 900 pamundapo, pa hekitala zikhala ngati 1,300. Koma ukatenga quintal ngati 100, manzana nkuyiyesa hekitala, ulemba 2,000 ndipo palibe amene angakutsutse chifukwa nambalayo ikuoneka yabwinobwino. Mbewu imene sinachite bwino ioneka ngati yapatsa zedi, ndipo wina adzaima pamsonkhano nkumati tiyeni tiyese njira imeneyi. Bodza lochokera pa mawu awiri okha amene munthu anachita ulesi kufunsa.

Sizinathere pomwepo ayi. Pomwe mu Chisipanishi analemba media, womasulirayo waika median. Media ndi mean, ija timaphatikiza zonse nkugawa, median mu Chisipanishi ndi mediana, nambala ya pakati ukazindandalika. Zinthu ziwiri zosiyana, mwana wa chaka choyamba ku koleji amazisiyanitsa. Kwina rendimiento wayitcha performance ngati tikukamba za injini ya galimoto pomwe akunena zokolola za pamunda. Ndatha tsiku lonse ndikukonza ntchito imene tinalipira kale, pepala la Chisipanishi mbali iyi la Chizungu mbali inayo, mzere ndi mzere, maso kuwawa.

Kaya anangoponya mu makina omasulira aja, kaya anali pa changu, izo ndi zake. Ine changa nchakuti ukalandira ntchito ya manambala a anthu, dziwa kuti liwu lililonse lanyamula muyeso, ukaliphonya waphonyetsa aliyense amene adzawerenge pambuyo pako. Sukudziwa, funsa. Foni tili nayo, WhatsApp tili nayo, uthenga umodzi wokha woti kodi manzana apa akutanthauza chani ukanatha nkhani yonse. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo watidyetsa ife.

Ndipo musandiuze zoti iyeyo si katswiri wa ulimi. Si katswiri, ndiye anavomereranji? Bwanji osanena poyamba kuti ine ndimamasulira makalata ndi nkhani, za data sindizitha? Tikanamulemekeza, tikanafuna wina. Kulankhula bwino Chisipanishi sikukupatsa chilolezo chosokoneza zaka za ntchito ya anthu amene anayenda m'minda kuyeza zokolola padzuwa.

Komanso ifeyo tisadzione ngati oyera. Mafomu athu a kafukufuku akabwera kuchokera kumudzi, mlimi wanena kuti ndakolola ngolo zitatu, wina ndowa zisanu ndi ziwiri, wolemba amangoika carts, pails, osalemba kuti ngoloyo ndi yaikulu bwanji, chimangacho ndi chotonola kapena chili ndi makoko ake. Kenako munthu ali mu ofesi ku Lilongwe amangoganizira yekha makilogalamu ake nkuika mu lipoti, ndipo lipotilo limapita kunja chomwecho.