Abambo inu, mapiritsi a cholesterol si otaya pansi pa bedi

Ndakhala chete nthawi yaitali, koma maliro a sabata yatha andiyankhulitsa. Tinaika m'manda mwana wa m'mudzi mwathu, bambo wa zaka 52, wosiya ana anayi. Adagwa m'bafa m'mawa, mbali imodzi ya thupi n'kufa, pakamwa n'kupotoka. Sitiroko. Mkazi wake pokonza m'chipinda adapeza mabokosi atatu a atorvastatin, mapiritsi ochepetsa cholesterol, osatsegula n'komwe. Pomufunsa, adati malemu adaleka kumwa chaka chatha chifukwa ankati akuwaphwanyitsa m'thupi, ndipo mnzawo wa kuntchito adawauza kuti mankhwalawo amawononga chiwindi. Kwa dokotala sadabwererenso.

Tsono ndikuyankhula ndi inu ana anga a zaka za m'ma 40 ndi 50, inu amene mimba zayamba kutsogola ndipo mumati ndi chizindikiro cha ndalama. Khalidwe limeneli lekani.

Mafuta oipa a m'magazi, amene achipatala amawatcha cholesterol wa LDL, sapweteka. Sabweretsa malungo, samutsekula munthu m'mimba. Amangomatirira pang'onopang'ono m'kati mwa mitsempha monga dzimbiri m'paipi ya madzi, zaka khumi, zaka makumi awiri, mpaka tsiku lina njira ya magazi yopita ku mtima kapena ku ubongo itatsekeka. Ndiye mukamati "ine ndikumva bwinobwino, mankhwala a chiyani," mukungoonetsa kuti simunamvetse chimene adakuyezani. Ambiri mwa mafutawa amapangidwa ndi chiwindi chanu chomwe, ndipo ntchito ya mapiritsi a gulu la statin, monga simvastatin, atorvastatin ndi rosuvastatin, ndi kuchepetsa kapangidweko. Mukaleka kumwa, pakangopita masabata ochepa mafutawo amabwerera pamene adali. Si mankhwala a malungo akuti masiku atatu watha.

Sindikukana kuti mapiritsiwa amavuta ena. Kuphwanya kwa minofu ya m'ntchafu ndi m'mapewa kulipo, ena m'mimba simukhala bwino, ndipo kwa amene ali kale pafupi kudwala shuga mpata wa matendawo umakwerako pang'ono. Koma tamverani zimene zidachitika ku London. M'kafukufuku wotchedwa SAMSON, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2020, adatenga anthu 60 amene adali atasiya statin chifukwa cha zowawa. Mwezi wina ankawapatsa atorvastatin weniweni, mwezi wina mapiritsi opanda mankhwala m'kati, iwo osadziwa kuti awa ndi ati. Zowawa pafupifupi 90 pa 100 zilizonse zidabweranso ngakhale pomwa mapiritsi opanda kanthu aja. Ataonetsedwa zotsatira zawo, theka la anthuwo lidayambiranso kumwa mankhwala. Ululu wawo sudali wabodza ayi, koma gwero lake nthawi zambiri silidali piritsi. Munthu wa zaka 50 amene wakhala pa mpando wa minibasi kuchokera ku Mzuzu mpaka ku Lilongwe, kapena walima tsiku lonse, thupi limaphwanya ndithu, kaya amwe statin kaya asamwe.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti chizindikiro choopsa chenicheni simuchidziwa. Ngati minofu ikupweteka kwambiri, mwafooka moti kudzuka pa mpando kukuvuta, ndipo mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, pamenepo lekani kumwa ndipo thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa minofu ikhoza kukhala ikuwonongeka n'kuvulaza impso. Maso akasanduka achikasu, chimodzimodzi. Zimenezi sizichitikachitika, koma zikachitika si za kudikira mawa. Zowawa zing'onozing'ono zija mankhwala ake ndi kukauza dokotala. Iye akhoza kuchepetsa mlingo, kukusinthirani mtundu wina, kapena kukupumitsani masabata angapo kuti muone ngati ululu utha. Safunsa adadya phula.

Ndipo mukafika kumeneko, musabise zimene mukumwa. Apa ndipo manyazi amapha. Simvastatin sayendera limodzi ndi ma ARV ena, makamaka okhala ndi ritonavir, sayenderanso ndi mankhwala opha tizilombo a clarithromycin kapena erythromycin, chifukwa amachulukana m'magazi n'kuyamba kudya minofu. Amene mukumwa amlodipine wa BP, simvastatin wanu sayenera kupitirira 20 mg pa tsiku. Inu mumakatenga ma ARV kuchipatala chakutali kuti anansi asakuoneni, statin n'kukagula ku famase ya m'tauni, wina osadziwa za mnzake. Pamwamba pake mukuthiranso mizu ya kwa asing'anga ndi timabotolo ta mphamvu za kuchipinda togula pa WhatsApp. Pa nkhani ya kuchipindayi ndinene poyera ngati mkulu: ambiri mumanamizira piritsi, chonsecho mitsempha yotsekeka yomweyo ndiyo imayamba kufooketsa mwamuna mtima usanagwe.

Palinso ena a mbali inayo, omwa mankhwala mokhulupirika koma n'kuwayesa chiphaso cha kanyenya. Madzulo aliwonse pa chiwaya, nkhumba ya mafuta, mang'ina, tchipisi cha mafuta amene akazingiramo kuyambira Lolemba, mowa pamwamba, ndudu kukamwa. Piritsi limodzi lingagwire ntchito yonseyi lokha? Makolo athu ankadya mgaiwa, nyemba, nandolo, usipa, nkhwani wotendera, ndipo ankayenda wapansi. Zakudya zimenezo zikadali pamsika, zotchipa kuposa soseji. Mphindi 30 zoyenda mwandawala pa tsiku sizilipiritsa munthu, ndipo fodya ndiye woyenera kutaya, osati mapiritsi.

Amene muli ndi mabokosi osatsegula m'kabati, musayambe kumeza awiriawiri kuti mubweze masiku otayika. Longedzani zonse zimene mumamwa m'jumbo imodzi, za kuchipatala, za ku famase ndi za kwa asing'anga zomwe, mutenge buku lanu la kuchipatala, mukaziyale pa tebulo la dokotala sabata ino. Mukapemphe akuyezeninso mafuta, shuga ndi BP. Ngati mukuopa kupita nokha, tengani mayi a kunyumba, poti ndiwo amene adzavutike kukutembenuzani pa mphasa.