Lekani kumunamizira Satana, munapita ndi miyendo yanu

Ndalama zamaliro zatha mumpingo wina kuno ku Matero. Sizinabedwe ndi akuba ausiku ayi, zathera m'foni ya msungichuma. Mpingowo sindiutchula, eni ake akudzidziwa. Osonkha ake ndi amayi aja amadzuka tambala asanalire kukapikula tomato ndi repu ku Soweto, amene amamasula mfundo ya chitenje mwezi ndi mwezi kuti tsiku la misozi pasasowe bokosi ndi ufa. Maliro atagwa sabata yatha, anthu anapita kukatenga ndalama. Mkuluyo anangogwada pakhonde, chipewa kumanja, ati: "Abale, Satana anandinyenga, ndimati ndikawina ndibweza." Zonse anabetchera mpira wa ku England.

Satana? Kodi ndi Satana anagula bandulo? Ndi Satana amadziwa PIN yanu? Pamene munaluza koyamba, kachiwiri, kachitatu, chala chimene chinkadina chinali cha yani? Yakobo 1:13-15 timaiwerenga chaka ndi chaka: Mulungu sayesa munthu ndi zoipa, munthu amakokedwa ndi chilakolako chake chomwe, chilakolakocho chimatenga pakati n'kubala tchimo, tchimolo likakula limabala imfa. Pakatitu sipabadwa tsiku lomwelo. Munalera nokha miyezi yonseyi, lero mukuti mwadzidzimuka?

Ndipo si iye yekha, musamuseke. Inu abambo a mabanja amene foni yanu imagona chafufumimba patebulo, ikalira mumathamangira kuseri kwa nyumba ngakhale mvula ikugwa, mukuti mukuyesedwa? Yosefe anali kapolo m'dziko lachilendo, wopanda mbale, wopanda mbusa womuyang'anira, koma mkazi wa Potifara atamugwira anasiya chovala n'kuthawa. Inu simuthawa. Mumakwera minibasi ziwiri, mumalipira chipinda ndi ndalama ya sukulu ya mwana, kenaka Lamulungu muli kutsogolo ndi tayi, kukweza nyimbo kuposa aliyense. Davide anagwa chifukwa anatsala ku Yerusalemu nyengo imene mafumu amapita kunkhondo, n'kumayendayenda patsindwi osachotsa maso. Tsindwi lanu lili m'thumba la malaya, mumakwerapo pakati pa usiku mkazi wanu ali m'tulo. Matenda mudzabweretsa m'nyumbamo, ndipo adzalira ndi ana.

Nanga inu amayi otenga kaloba kuti mukaoneke pa kitchen party, chilimba cha anzanu mwadya, foni mwazima? Nanga anyamata a kwaya amene Loweruka amakhala pa makina a juga a bonanza mpaka ndalama ya makala itatha? Tujilijili boma linaletsa mu 2012, koma yendani m'Kanyama kapena m'Chawama dzuwa lisanatenthe muone ana obatizidwa akudzandira, mabotolo ang'onoang'ono ali m'thumba. Amenewanso ndi Satana wawatsekula kukamwa?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Vuto likangogogoda, ntchito yatha kapena mwana wadwala, Mkhristu wa zaka makumi atatu mumpingo akuthamangira mapepala aja omatidwa pamitengo ya magetsi m'tauni: kubweza wokondedwa, ndalama zachangu, kukwezedwa pantchito. Wina akupita kwa "Papa" kukagula kabotolo ka mafuta ndi madzi, lendi asanalipire. Mphatso ya Mulungu inayamba liti kugulitsidwa? Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, Petro anamuuza kuti atayike pamodzi ndi ndalama zakezo. Gehazi anathamangira siliva ndi zovala za Namani, anabwerako ndi khate. Inu m'mawa kutchalitchi, madzulo kwa sing'anga, mphini zili m'chiuno pansi pa yunifolomu. Mapanga awiri avumbwitsa, ana anga.

Musandiuze kuti sindidziwa kuvutika. Tonse tinali muno mu 2024 pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Owotcherera zitsulo ku Kalingalinga ankadikira pakati pa usiku kuti agwire ntchito, ometa ndi a saluni anangokhala manja ali m'khosi. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho kolera inasandutsa Heroes Stadium chipatala. Mabanja ankagula pamela, kathumba ka ufa wa tsiku limodzi, mawa osadziwa. Amenewo ndiwo mayesero. Ndipo m'nyengo yomweyo alipo amasiye amene sanakhudze ngwee ya munthu, anaphika phala lamadzi n'kupemphera ndi ana pa mbaula yozima. Iwo analibe njala? Yobu anataya ziweto, antchito ndi ana khumi, mkazi wake yemwe n'kumuuza kuti atukwane Mulungu afe, koma sanachimwe ndi milomo yake. Inu chakugwetsani n'chiyani, foni yatsopano ya mnzanu?

1 Akorinto 10:13 imati Mulungu salola kuti muyesedwe koposa mphamvu zanu, ndipo amaika populumukira. Khomolo limakhalapo. Kuchotsa nambala ija, kupereka buku la ndalama kwa anthu awiri, kusintha njira yobwerera kunyumba kuti musadutse pabala paja. Mumaliona, mumalidutsa dala.

Timanyadira kuti pa 29 December 1991 a Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, ndipo pa 18 October timasala kudya ndi kupemphera dziko lonse. Chabwino. Koma pa 19 October sikelo ya pamsika yasintha? Kalata ya ku ofesi ikutuluka popanda "ya drinki"?

Ndipo inu akulu a mpingo amene mumaziona zonsezi n'kutseka pakamwa chifukwa wochitayo amapereka chakhumi chonenepa, manyazi akugwireni.