Inu ogulitsa zovala pa foni, lekani kutinamiza ndi atsikana a AI

Ana anga a pa Mchinji boma, pa Kamwendo mpaka ku Mkanda, tamverani kuno. Khalidwe mwayambali ndi lonyansa.

Munthu ukatsegula WhatsApp kapena Facebook masiku ano, ukungoona madiresi a kaunjika atavala atsikana osalala khungu, oti sanapondepo fumbi la pa depoti. Atsikanawo kulibe, sanabadwe n'komwe. Inu mwangojambula diresi lili pamphasa, n'kuuza makina a AI (nzeru za pakompyuta zotha kupanga zithunzi) monga ChatGPT kapena Gemini kuti aliveke munthu, basi mwaika mtengo.

Chimene simufuna kumva ndi ichi: makinawo sajambula nsalu yanuyo, amalemba ina mongoyerekeza. Pamene panasuluka amakolezapo mtundu. Kabowo ka m'khwapa amatseka. Chitenje munakapikula ku Chipata, mwavutika nacho pa Mwami, maluwa ake amawasintha, duwa lalikulu lija n'kusanduka timasamba. Ndipo chovala chilichonse chimam'kwana mtsikanayo ndendende, poti thupi lakelo alipangira chovalacho. Nanga mayi wobereka ana asanu adziwa bwanji ngati chim'lowe?

Ndiye mayi wa ku Kapiri waona, wakopeka, watumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ndalama imene wagulitsa mtedza, wadikira katundu pa minibasi. Kumasula jumbo, wapeza chikomekome cha mkuyu: zipi yakufa, kolala yothimbirira. Akaimba foni, inu mwam'buloka. Manyazi mulibe kodi?

Atelala, nanunso musabisale kuseri kwa makina. Mukuonetsa masitayilo amene simunasokepo, ena osatheka kusoka n'komwe, n'kulandira oda ya gulu lonse la pa chinkhoswe. Tsiku lafika, ana a eni akulira, zovala zapendekeka mapewa.

Koma amene andikwiyitsa kwambiri ndi awa otenga nkhope ya mwana wa mwini pa Facebook n'kuiveka zovala zam'kati kuti malonda ayende. Mwanayo ali ndi makolo, ali ndi mpingo, mwina ali pa banja. Mwam'pempha? Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza zokhudza munthu, ndipo a MACRA ndiwo amaliyang'anira. Kutsatsa malonda monama nakonso n'koletsedwa, a CFTC, bungwe loona za chilungamo pa malonda, amalandira madandaulo otere. Musadzati sitinanene.

Sikuti ndikudana ndi makina ayi, bizinesi yavuta ndipo belo yakwera mtengo, tonse tikudziwa. Ngati mwagwiritsa ntchito AI, lembani pomwepo kuti munthuyu ndi wa pakompyuta, pambali pake muike chithunzi chenicheni cha chovalacho, chojambula masana panja, ndi muyezo wa tepi pachifuwa ndi m'chiuno.

Inu ogula, musanatumize ndalama muuzeni wogulitsayo ajambule vidiyo atagwira chovalacho m'manja, achitembenuze, aonetse msoko ndi m'khwapa, atsegule zipi n'kutsekanso. Akayamba zoti bandulo yatha, musatumize.